Mpando wa Kutsogolo

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale kudzuka kwake kunali kwa dzina chabe, chifukwa ndinachezera chotsamira khoma. Kunali kuzizira kwa mu Julayi, kuja kolowa m'mafupa, ndipo nkhungu inali itatsika m'mapiri n'kuphimba mudzi wonse. Amayi a mpingo anali atatopa ndi kuimba, ochepa okha ndiwo ankang'ung'udzabe nyimbo mawu atasasa. Panja amuna anali atazungulira zipika zofuka, ena atagona chokhala, majekete atawakokera m'makutu. Limeneli linali tsiku loika m'manda mlongo wanga, chitsirizira m'mimba mwa amayi.

M'nyumba ya siwa anthu anali atathithikana, mwendo pa mwendo, koma kumutu kwa bokosi kunali malo. Mlamu wanga, mkazi wa malemu, anakhala yekha pa mphasa, ndipo uku ndi uku kunatsala mpata woti akanakhalapo anthu awiriawiri. Pa maliro a kwathu namfedwa sakhala yekha. Amamuzinga, wina kumugwira phewa, wina kumufunditsa chitenje. Iyeyu palibe amene anamukhudza. Amayi anga anakhala kumiyendo kwa bokosi nkhope italoza kukhoma, ndipo chifikireni thupi anali asanamuyang'anepo mpongozi wawo.

Mlongo wanga anali dalaivala wa bwana wina wa bizinesi ku Blantyre. Ankayendetsa galimoto yakuda, yaikulu, ya mipando yachikopa, imodzi mwa zija zimati zikadutsa pa Boma anthu n'kuiwala kuti amatsatsa tomato. Bwanayo ali ndi munda wa manachesi cha ku Lisungwi, ndipo ankamutuma kawirikawiri kukaona antchito. Ulendo wotsirizawu anatenga mkazi wake kuti akamusiye kwawo ku Luwani, akaone amake. Atayandikira pa Lisungwi, ng'ombe inadumphira mumsewu. Iye anaizemba, galimoto n'kukagunda chipupa cha kalavati. Sankathamanga. Galimotoyo ndinakaiona ndi maso anga ku polisi: bampa yopindika, nyali imodzi yosweka, basi. Mlamu anatuluka wopanda ndi kabala komwe. Mwamuna wake anali ndi bala lakuya pakhosi, ndipo anatsirizika ali pa pikiapu ya mwini golosale wina wachisilamu amene anathamanga naye ku chipatala.

Apa ndi pamene anthu anagwira. Galimoto yabwinobwino, mkazi wabwinobwino, mwamuna wochekedwa pakhosi. Nanga mkaziyo anakhala pati? Kumbuyo, kuseri kwenikweni kwa mwamuna wake, mpando wa kutsogolo uli wopanda munthu. Mlamu akafunsidwa ankangonena chimodzimodzi, kuti anamva kuphulika ngati mfuti, m'galimoto munadzaza utsi woyera wonunkha, kenako anaona magazi. Mawu oti mfuti aja anangokolezera moto. Ena anati mpeni, ena anati mankhwala, ndipo panapezeka mayi wina amene anakumbukira kuti awiriwo anakanganapo chaka chatha pa nkhani ya foni. Ndi banja liti masiku ano limene silinakanganepo pa nkhani ya foni?

Ine ndinkadziwa china, ndipo sindinkachibisa. Pa Khirisimasi mlongo wanga anadzera kuno ndi galimoto yomweyo, nati awaperekeze amayi ku tchalitchi. Amayi anavala chitenje chatsopano, anatuluka mwamatama anthu akuonerera, n'kugwira chitseko cha kutsogolo. Iye anawagwira dzanja nati, "Amayi, kumbuyo." Akuti kutauni mabwana amakhala kumbuyo, koma kwathu kuno ulemu uli kutsogolo, pomwe aliyense akukuona. Magalasi a kumbuyo a galimoto imene ija ndi akuda bii. Amayi anafika ku tchalitchi popanda wowaona, ndipo pobwerera anayenda wapansi. Kuyambira tsiku limenelo ankati mwana wawo wayamba kuchita nawo manyazi.

Madzulo ake mlongo wanga anandifotokozera tili pakhonde. Anati m'kati mwa chiwongolero, komanso kutsogolo kwa mpando winawo, muli thumba lopindidwa limene limafufuma galimoto ikagunda, kuti munthu asamenyetse nkhope. Amalitcha eyabagi. Koma m'galimoto za mtundu umenewu kachitini kofufumitsa thumbalo kanapangidwa molakwika. Kakakalamba, makamaka kumalo otentha, kamaphulika n'kumwaza tizitsulo. Opanga galimotozo anaitanitsa eni ake onse kuti akasinthitse ulere. Iye anapita nayo ku galaja, anamuuza kuti masipeya sanafike. Anapitanso, anali asanafikebe. Masipeyawo atafika, bwana anati galimoto singakagone ku galaja pamene kuli maukwati ndi misonkhano, idzapita zinthu zikaphweka.

"Ndiye pakadali pano, achemwali, kutsogolo sindikhazikako munthu," anatero.

Ndinamufunsa kuti nanga iyeyo. Anaseka.

"Dalaivala amayendetsera kumbuyo kodi?"

Amayi ndinawauza zimenezi nthawi yomweyo. Anati ndikungomuteteza mlongo wanga monga ndimachitira kuyambira ali khanda.

Kunja kutayamba kuyera ndinapita kwa amalume, eni mbumba, amene ankayenera kulankhula m'malo mwa banja. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akupereka makasu kwa adzukulu okakumba manda. Ndinagwada n'kubwereza nkhani yonse, ngakhale ndinali nditawauza kale dzulo lake. Anandimvera maso ali kumbali.

"Thumba la mpweya licheke munthu khosi? Galimoto yodula ngati imene ija? Iwe mwana, usatiseketse pa maliro."

"Amalume, mwini wake ndiye anandiuza."

"Mwini wake wagona umo. Bwana watumiza bokosi, watumiza ng'ombe ndi mpunga. Ukufuna ndikaime pamaso pa anthu ndimunyoze? Ine ndikanena kuti imfayi sitikuimvetsa. Mkaziyo kumanda sapita, nkhata saika. Tikabwerako azinyamuka ndi abale ake, zotsalazo tidzafufuza mwachikuda."

Ndinaimirira n'kuchokapo. Mkazi amene waletsedwa kuika nkhata pa manda a mwamuna wake, mlandu wake watha, safunikanso bwalo. Dzina loti anapha mwamuna likanamutsata ku Luwani, ku chigayo, pa mjigo, ndipo ana ake awiri akanakula akulozedwa zala. Mtsikana ameneyu ndi amene anawasamala amayi m'chipatala pa Boma atadwala chibayo, kugona pansi pa bedi milungu yathunthu. Zonsezo mudzi unaziiwala usiku umodzi.

Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka m'mafuwa ambiri. Amayi a m'mudzi ankaphika m'migolo yodula pakati, uku mpunga, uku nyemba, uku nyama. Utsi sunkakwera chifukwa cha nkhungu, unkangoyenda pansi n'kumatilowa m'maso. Ndikamadutsa, nkhani zinkaduka, ndikangopitirira zinkayambiranso. Ng'ombe inali yonona, aliyense ankaiyamikira, koma ine ndinaiyang'ana ndi diso lina. Mlongo wanga anagwira ntchito kwa munthu ameneyu zaka zambiri, ndipo pamene bambo athu anamwalira anavutika kupeza ndi tchuthi chomwe. Lero mtima wabwino unachokera kuti? Bokosi nalo linali lonyezimira, zogwirira zake zonga golide, ndipo thupi linafika atalikonza kale ku Blantyre, khosi litakulungidwa ndi nsalu yoyera mpaka kuchibwano, tayi pamwamba pake. Anthu ankati ndi ulemu. Ine ndinkaona chophimba.

Dzuwa silinatuluke tsiku limenelo. Cha m'ma eyiti koloko kunayamba kuwaza kamvula ka chiperoni, ndipo anthu anayamba kufika ali onyowa mapewa. Ena anabwera pa njinga, ena pa kabaza, ndipo lole ina inatsitsa gulu la ku Lisungwi. Abale a mlamu ochokera ku Luwani anali ochepa. Anakhala kumapeto kwa bwalo, palibe amene anawapatsa mpando, ndipo mchimwene wake wamkulu ankangotafuna mano. Pansi pa mtengo wa mango panaima madalaivala anzake a malemu ochokera ku Blantyre, akulankhulana motsitsa mawu. Nditawayandikira anangoti pepani achemwali, aliyense n'kuyamba kuyang'ana nsapato zake.

Mwini golosale uja anabweranso, atavala kachipewa kake koyera. Anakhala pa njerwa pambali, nyama anakana mwaulemu, anangolandira tiyi. Nditapita kukamuthokoza anandiuza kuti pamipando ya galimoto ija panali tizitsulo tambirimbiri, ngati munthu waphwanya chitini ndi nyundo, ndipo thumba loyera linali lende pa chiwongolero, litang'ambika. Ndinamupempha kuti akawauze amalume. Anapita ndithu. Amalume anamuthokoza kwambiri chifukwa cha pikiapu yake, kenako anamuuza kuti zinazo ndi za m'banja, n'kumulozera pokhala.

Bwana anafika mochedwa, monga amafikira anthu odikiridwa. Ndinaona galimoto ikukwera chitunda. Inali ya mtundu womwewo, maonekedwe omwewo, kungoti iyi inali yoyera. Anthu anati ndi ya mkazi wake. Ndinaiyang'anitsitsa, chifukwa ndinkadziwa chomwe ndikufuna kuona. Bwana anatsikira kumbuyo. Mkazi wake anatsikiranso kumbuyo. Pa mpando wa kutsogolo panali nkhata yaikulu ya maluwa, yokhayokha. Dalaivala anali mnyamata wamng'ono kwa mlongo wanga, ndipo mpando wake anaukankhira kutali kwambiri moti chiwongolero ankachigwira ndi nsonga za zala.

Anawakhazika pa mipando ya ndalema imene tinabwereka kwa aphunzitsi, pansi pa tenti. Bwana anavala magalasi akuda ngakhale kunalibe dzuwa. Mkazi wake ankalira, ndipo ndiyenera kunena zoona, kulira kwake sikunali kwa chiphamaso. Koma bokosi litatulutsidwa kuti anthu aone nkhope, iye sanapiteko. Bwana anapita, anaima pang'ono, maso ake osatsika kupitirira pamphumi pa malemu, n'kubwerera pokhala pake. Mlamu anamusiya m'nyumba, ndi amayi awiri pakhomo amene ankati akumupepesa, koma anali alonda.

Nthawi ya zolankhula itakwana, amalume anaima nanena zimene analonjeza. Anati imfayi yatidabwitsa, ndipo amene anali naye ndi amene akudziwa chomwe chamudya. Khamu linang'ung'udza, mitu yonse n'kutembenukira kwa anthu a ku Luwani. Kenako anapereka mpata kwa bwana. Bwanayo anati malemu anali ngati mwana wake, wokhulupirika, wosamwa mowa. Ndiye anawonjezera kuti galimoto inali yabwinobwino, yosamalidwa, yopanda vuto lina lililonse. Palibe amene anamufunsa za galimoto. Madalaivala aja pansi pa mango anayang'anizana, ndipo ine ndinaluma mlomo mpaka kumva mchere. Mkazi salankhula pa bwalo la maliro, ndipo mlongo wa malemu akalankhula amati chisoni chamuzunguza mutu.

Manda a kwathu ali kutsidya kwa dambo, ndipo njira yake ndi yotsetsereka. Mawondo a amayi anali atatupa ndi kukhala pansi. Bokosi litanyamulidwa, nyimbo itayamba, zinaoneka kuti sangathe kuyenda. Bwana anaima nati galimoto yake ilipo, iwatenge mpaka pomwe msewu wathera. Amalume anasangalala zedi. Anawagwira amayi dzanja okha, kuwadutsitsa pakati pa anthu, anatsegula chitseko cha kutsogolo, anachotsa nkhata ija n'kupatsa wina kuti agwire. Ndinali kumbuyo kwa gulu la amayi, ndipo ndinayamba kukankha anthu ndikukuwa, koma mawu anga anamira m'nyimbo. Ndinaona amayi akuwongola msana pang'ono, ngakhale anali m'chisoni chotero, n'kulowetsa phazi limodzi.

Maso anga anali pa bwana. Anaona zonse. Anatsegula pakamwa, anayang'ana khamu, n'kutsekanso. Zimenezi sindidzamukhululukira mpaka ndidzalowe m'manda.

Amene anakuwa anali mkazi wake.

"Ayi! Kutsogolo ayi! Atsitseni amayiwo!"

Nyimbo inaduka pakati. Onyamula bokosi anaima. Amalume anatsala atagwira chitseko, akufunsa ngati talakwitsa penapake. Bwana anavula magalasi nati palibe vuto, kungoti mpandowo unawonongeka pang'ono. Pamenepo n'kuti nditafika, chitenje chitandimasuka, mpango uli m'manja. Mwambo ndinausiya kumbuyo komwe ndinachokera.

"Wawonongeka mpando, abwana, kapena thumba?"

Mkazi wake ndiye analankhula, osati kwa ine koma kwa mwamuna wake, misozi ili chuchuchu.

"Ndinakuuzani kuti galimoto zonse ziwiri zipite ku galaja. A ku galaja anakuimbirani kangati? Ndinakuuzani kuyambira chaka chatha."

Mmodzi wa madalaivala aja, bambo wa imvi, anatuluka pansi pa mango navula chipewa. Anati iyinso sinasinthidwe, ndipo onse amadziwa. Anati malemu sankalola munthu kukhala kutsogolo, angakhale mkazi wake, angakhale ndani. Kenako anavalanso chipewa chake. Mnyamata woyendetsa uja anali atazyolika, dzanja lili pakhosi.

Amayi anatulutsa phazi lawo pang'onopang'ono. Sanayang'ane bwana, sanayang'ane amalume. Anatembenukira ku nyumba.

"Kanditengereni mkazi wa mwana wanga. Ndiyenda naye wapansi."

Amalume anayamba kunena kuti zimenezi tikanakambirana kaye, koma palibe amene anawamvera. Amayi awiri olondera aja ndi omwe anamutulutsa, tsopano atamugwira mapewa ngati akhala akumugwira usiku wonse. Mlamu anatuluka akuphethira, osadziwa chomwe chachitika, akuganiza kuti akumupirikitsa. Amayi anangomukoleka dzanja m'khosi, lina anandikoleka ine, ndipo tinauyamba ulendo.

Tinayenda pang'onopang'ono moti onyamula bokosi ankaima kutidikira. Dothi lofiira linali loterera, ndipo pa dambo tinachita kuwanyamula amayi. Nyimbo inayambiranso koma yopanda mphamvu, chifukwa theka la anthu linali kunong'onezana. Nditacheuka pa chitunda ndinaona galimoto yoyera ija ili pomwe tinaisiya, chitseko cha kutsogolo chili chotsegula, mvula ikuwaza pa mpando wachikopa. Panalibe amene ankafuna kuchiyandikira kuti achitseke.

Kumanda zonse zinayenda monga mwa nthawi zonse. Adzukulu anatsitsa bokosi, abusa anapemphera, dothi linakwiriridwa. Poitana oika nkhata, wowerenga maina anayang'ana amalume, amalume anayang'ana pansi, ndipo dzina la mlamu linatchulidwa loyamba. Anagwada, anaika nkhata yake yaing'ono ya maluwa a pepala, ndipo pamenepo ndi pamene analira kulira kwenikweni, kumene anakubisa chifikireni poopa kuti anthu anena kuti akunamizira. Mchimwene wake anamudzutsa. Nkhata ya bwana, yaikulu kuposa zonse, anaika ndi munthu wina, chifukwa mwini wake sanafike kumanda.

Titabwerera tinapeza galimoto itapita. Amene anatsala pakhomo anati bwana ndi mkazi wake anakhala kumbuyo, ndipo mnyamata uja ndiye anayendetsa, chiwongolero chili moyang'anizana ndi khosi lake, msewu wonse wa ku Blantyre. Nayenso ali ndi amake kwinakwake, ndipo ndikukayika ngati akudziwa.

Musaganize kuti mudzi unaphunzirapo kanthu. Tisanasambe n'komwe m'manja nkhani inali itasintha kale. Tsopano ankati bwanayo ndi wokhwima, galimoto zake zili ndi malamulo, mpando wa kutsogolo umakhala wa zinthu zake zosaoneka. Omwewo amene m'mawa ankati mpeni. Zoti munthu angafe chifukwa chakuti wina anaona ukwati kukhala wofunika kuposa galaja, anthu akwathu anaziona zochepa kwambiri, zosakwana imfa. Amalume sanapepese kwa aliyense. Anadya nyama yawo bwinobwino, napempha kuti awakulungire ina. Ena akuti tikadandaule ku boma, ena akuti bwana abweranso kudzakambirana. Ine ndikuona kuti ng'ombe ija anaitumiza kuti nkhani ithere m'mimba mwathu, ndipo mwa ambiri yatheradi momwemo.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Tenti anaitsitsa, mipando ya aphunzitsi inabwezedwa, ndipo pabwalo panatsala phulusa lonyowa ndi mapazi a anthu m'matope. Abale a ku Luwani anavomera kugona kwa oyandikana nafe. Ana anagona msanga, atatopa ndi kunyamulidwa ndi aliyense. M'nyumba munatsala atatu, amayi, mlamu ndi ine, ndi malo aakulu pakati pomwe panali bokosi. Munkanunkha utsi ndi dothi. Mlamu anakhala pa ngodya ya mphasa, pomwe anazolowera kukhala masiku amenewa.

Amayi anatembenukira kwa ine. Kenako anandiitana dzina langa la paubwana.

"Ndiye pa Khirisimasi paja."

"Eya, amayi."

"Pobwerera ndinayenda wapansi. Iye ankanditsata ndi galimoto pang'onopang'ono, kuchokera ku tchalitchi mpaka pakhomo pano, galasi atatsitsa, akundiitana. Ine osacheuka."

Zimenezi anali asanandiuzepo. Sanalire mokweza, anangogwira pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Atatha anasendera pa mphasa mpaka anafika pomwe panali mlamu, namufunditsa mbali ina ya bulangete lawo. Anamufunsa ngati wadyako kanthu chichokereni ku Lisungwi. Mlamu anapukusa mutu.

Ndinaimirira kuti ndikakoleze moto. Ndili pakhomo amayi anandiitananso.

"Nyama ya bwanayo usatenthetse. Kuli nyemba."